Mkaka wonunkha dzuwa: yesani nokha pakhonde, kenako muuteteze

Pali fungo lina la mkaka limene ambiri tinalimvapo koma tilibe dzina lake. Mkakawo sunasase. Ukauthira mu tiyi sudula, ukauwiritsa sugwirana. Koma ukangomeza, mkamwa mumatsala kakomedwe ngati ka kabichi wophikitsa, kapena ka nthenga za nkhuku zowauka pamoto. Ukagona usiku umodzi mufiriji, mawa lake umamveka ngati katoni yonyowa. Wogula amati wogulitsa wathiramo madzi a pachitsime. Wogulitsa amaloza ng'ombe, akuti idadya tchire lachilendo. Nthawi zambiri onsewo akunamizira osalakwa. Wapalamula ndi botolo loonekera mkati lija, limene lidakhala pabenchi dzuwa likuswa mtengo.

Malangizowa ndawalembera anthu awiri: mphunzitsi wa sayansi amene alibe zipangizo zodula koma akufuna ana aone ndi maso, ndi aliyense amene amagwira mkaka, kuyambira wokama mpaka wa pagolosale. Zofunika zonse zimapezeka panyumba kapena pamsika.

Choyamba, mafuwa atatu

Mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Kuwonongeka kumene tikukamba pano nakonso kumafuna zinthu zitatu pamodzi: kuwala, utoto, ndi mpweya wa okosijeni. Chophikidwa pa mafuwawo ndi puloteni.

Puloteni muiyerekeze ndi mkanda wautali wopindidwa mwaluso. Timikanda take ndi ma amino acid, ndipo alipo a mitundu 20. Kuwala kumene maso athu amaona sikuchita kanthu kwenikweni pa puloteni yokhayokha, chifukwa puloteni yambiri ilibe mtundu, ndipo chinthu chopanda mtundu sichimwa kuwala koteroko. Okosijeni wa mumpweya nayenso ndi waulesi. Akadakhala wachangu bwenzi nyama ikupsa yokha pambale. Utoto ndiye mkhalapakati woipa. Umamwa kuwala, n'kudzaza mphamvu, kenako n'kuyamba kufuna pokazitula. Njira zake ndi ziwiri. Nthawi zina utotowo umalanda electron, kachidutswa kakang'ono kwambiri ka magetsi ka mu atomu, kwa puloteni imene yayandikana nayo. Nthawi zina umapatsira mphamvuyo kwa okosijeni, amene amasanduka mtundu wolusa wotchedwa singlet oxygen. Akatswiri amazitcha Type I ndi Type II. Zonse ziwiri ndi oxidation, mbale wake wa dzimbiri pa khasu.

Choopsa chake n'chakuti utoto ukatula mphamvu umabwerera m'mene unalili, n'kumwanso kuwala kwina, n'kutulanso, kambirimbiri. N'chifukwa chake kadontho ka utoto kamatha kuwononga puloteni yochuluka kuposa iko.

Amene adayamba kuziona izi anali mwana wasukulu ya udokotala ku Munich, Oscar Raab, akugwira ntchito pansi pa Hermann von Tappeiner. Ankathira utoto wa acridine m'madzi okhala ndi tizilombo totchedwa Paramecium. Mlingo womwewo wa utoto tsiku lina unkapha tizilomboto msanga, tsiku lina mochedwa kwambiri. Atafufuza adapeza kuti kusiyana kunali pa kuwala kwa m'chipindamo. Zotsatira zake zidatuluka mu 1900, ndipo pofika 1904 von Tappeiner adaonetsa kuti popanda okosijeni zimenezi sizichitika. Fuwa lachitatu lidadziwika motero. Mu 1913 dokotala wina wa ku Germany, Friedrich Meyer-Betz, adadzibaya mamiligalamu 200 a hematoporphyrin, utoto wochokera m'magazi, n'kutuluka padzuwa. Nkhope ndi manja zidatupa, ndipo kwa miyezi pafupifupi iwiri dzuwa lidali mdani wake. Ife tiyesera pa mkaka basi.

Sitepe 1: Uoneni utotowo ndi maso

Mungafunse kuti mu mkaka woyera mbee muli utoto wanji. Ulimo. Dzina lake ndi riboflavin, amene ndi vitamini B2, ndipo lita imodzi ya mkaka wa ng'ombe imakhala ndi mamiligalamu pakati pa 1.5 ndi 2. Munauonapo kale: timadzi tachikasu chobiriwirako timene timapatuka mkaka ukagona kukhala chambiko, mtundu umenewo ndi wa riboflavin. Amene adamwapo mapiritsi a vitamini B complex n'kudabwa ndi mtundu wa mkodzo wawo, wachititsa ndi yemweyo.

Tengani piritsi limodzi la B complex, muliphwanye ndi supuni, mulisungunule mu theka la lita ya madzi. Sefani ndi kansalu koyera. Onjezani madzi mpaka chikasucho chikhale chotuwa, chongooneka pang'ono. Mukasiya chowirira mudikira tsiku lonse. Gawani m'matambula awiri agalasi ofanana. Imodzi muikulunge ndi foyilo, pamwamba pomwe. Ngati foyilo mulibe, ivundikireni ndi mphika wakuda. Zonse muziike padzuwa kwa maola awiri kapena atatu.

Mukavundukula mupeza kuti yophimbidwa ili m'mene inalili, pamene ya padzuwa yasuluka. Ngati mungabwereke katochi koyesera ndalama zachinyengo kaja, kotulutsa kuwala kwa UV (mtundu wa kuwala umene maso athu sauona), lowani nako m'chipinda chamdima. Madzi ophimbidwa awala mobiriwira ngati chiphaniphani, a padzuwa awala mofooka kapena motuwira ku buluu. Katochika kamathandizanso ngati piritsi lanu lidapakidwa utoto wina wa fakitale umene susuluka: utoto wotero suwala chonchi. Musalozetse katochiko m'maso mwa mnzanu.

Apa ana aphunzirapo kale chinthu chimodzi. Riboflavin ndi utoto umene umadzipweteka wokha pogwira ntchito yake yoipayo. Mkaka wa m'botolo loonekera mkati ukakhala padzuwa maola awiri umatha kutaya theka la vitamini ameneyu kapena kuposa.

Sitepe 2: Konzani mkaka woyesera

Gulani mkaka wophikidwa kale kufakitale, wa m'mapaketi osaonekera mkati. Mkaka wosawiritsa wochokera kukhola musaupatse ana kuti alawe, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi brucellosis, matenda ochotsa mimba za ng'ombe amene amagwiranso anthu. Mkaka wowiritsa pamoto nawonso si wabwino pa ntchitoyi. Fungo la kuwira limabisa fungo limene tikulifuna. Mukapeza wochotsedwa mafuta ndiye bwino zedi, pakuti kuwala kumalowa mozama mwa iwo.

Pezani mabotolo anayi aang'ono ofanana kukula. Atatu akhale oonekera mkati, limodzi la bulauni. Atsukeni ndi madzi otentha mpaka asatsale ndi fungo lililonse, makamaka la bulaunilo ngati munali chakumwa. Thirani mkaka motere. Botolo loyamba lidzaze theka, litsekeni, likhutchumuleni kuti mpweya usakanizike, lisiyeni poyera. Lachiwiri chimodzimodzi, koma likulungeni ndi foyilo. Lachitatu ndi la bulauni lija, theka, osakulunga. Lachinayi lidzazeni mpaka pakamwa osasiya mpata wa mpweya, litsekeni, osakhutchumula, osakulunga.

Tsono pali msampha umene ambiri amagweramo. Dzuwa silingowala, limatenthanso. Mukangoika mabotolowo pasimenti, mwana wochenjera akufunsani kuti, "Aphunzitsi, nanga si kutentha kumene kwawononga mkakawo?" ndipo adzakhala kuti akunena zoona kuti simunasiyanitse. Choncho agonekeni onse m'beseni limodzi la madzi ozizira, makamaka okhala ndi ayezi, madziwo angophimba mabotolo pang'ono. Kuwala kudutsa m'madzi bwinobwino, koma onse akhala ozizira mofanana. Agonekeni cham'mbali, osawaimika, kuti mkaka wambiri uyang'ane kumwamba.

Siyani padzuwa la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana kwa mphindi 30, mukuwatembenuza pakadutsa mphindi 10 zilizonse. Kukakhala mitambo onjezani ifike ola. Mukatha, akulungeni onse, muwaike pozizira kwa ola limodzi kuti fungo likhazikike.

Sitepe 3: Lawitsani anthu osadziwa chimene munachita

Ngati munthu akudziwa kuti kapu iyi ndi ya padzuwa, lilime lake limva zimene mutu wauza. Makampani a zakudya ali ndi njira yosavuta yopewera zimenezi, ndipo inunso mungaitsate. Wolawa aliyense mumamupatsa makapu atatu. Awiri ali ndi mkaka wofanana, imodzi ndi yosiyana. Funso ndi limodzi: yosiyana ndi iti?

Lembani manambala pansi pa makapu, inu nokha musunge chinsinsi chake pakapepala. Kwa ena mupereke makapu awiri a mkaka wophimbidwa ndi imodzi ya wa padzuwa, kwa ena mutembenuze. Ayambe ndi kununkhiza, kenako alawe, achukuche mkamwa ndi madzi asanapite pa kapu ina. Asalankhulane. Kapitawo wa kalasi ayime pakhomo ngati kuli kofunika, chifukwa mmodzi akangotsinzina diso zonse zasokonekera.

Munthu wongolota amakhoza kamodzi pa katatu. Choncho pa olawa 12, anayi akhoza kulondola mwamwayi chabe. Akalondola asanu ndi atatu kapena kuposa, mutha kunena molimba mtima kuti kusiyana kulipodi. Yambani ndi botolo loyamba ndi lachiwiri, amene amasiyana kwambiri. Kenako yerekezani la bulauni ndi lokulungidwa, pomalizira lodzaza ndi la theka. Musadabwe mukapeza ana awiri atatu amene sakumva kusiyana kulikonse ngakhale anzawo akukwinya nkhope. Mphuno zimasiyana, ndipo ena adazolowera mkaka wotere kuyambira ali aang'ono mpaka amauyesa kuti ndiwo kakomedwe ka mkaka.

Sungani wotsala mufiriji, wokulungidwa, mulawitsenso patatha masiku awiri.

Sitepe 4: Masulirani zimene zachitika m'botolomo

Pa timikanda 20 tija, tisanu ndi timene timavulala msanga: methionine, cysteine, histidine, tryptophan ndi tyrosine. Fungo la kabichi ndi nthenga zowauka limachokera kwa methionine, amene ali ndi sulfure. Riboflavin wodzaza mphamvu akamugwira, amaphwanyika kukhala tinthu touluka monga methional ndi dimethyl disulfide, timene mphuno imatimva ngakhale titachepa kwambiri. Katswiri wa za mkaka wa ku America, Stuart Patton, adalumikiza methionine ndi riboflavin ku fungo limeneli mu 1954. Fungo la katoni yonyowa limene mulimva pa tsiku lachiwiri ndi nkhani ina: amenewo ndi mafuta a mu mkaka, amene kuwonongeka kwawo kukangoyatsidwa kumapitirira ngakhale mumdima. Ndiye kuti mphindi 30 za padzuwa zimalipiridwa kwa masiku.

Kuvulala kwina sikununkha. Tryptophan amasanduka kynurenine, amene ndi wachikasu. Ma tyrosine awiri amatha kumamatirana, histidine naye n'kugwirana ndi timikanda tina, mpaka mapuloteni amene anali osiyana amangika mtolo umodzi. Puloteni yogwira ntchito, monga enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) kapena mankhwala, ikataya kamkanda kamodzi kokha pamalo ofunika, yafa ngakhale ikuoneka yathunthu.

Singlet oxygen sakhalitsa. M'madzi amakhala ma microsecond atatu kapena anayi, ndipo microsecond ndi sekondi itagawidwa kamiliyoni. Safika patali. Koma mu lita ya mkaka muli magalamu oposa 30 a puloteni, choncho kulikonse kumene angabadwire amapeza womuluma pafupi.

Botolo la bulauni liyenera kufanana kwambiri ndi lokulungidwa. Riboflavin amamwa kuwala kwa buluu, kwa ma nanometer pafupifupi 445 (nanometer ndi muyeso umene timasiyanitsira mitundu ya kuwala), ndi kwa UV pafupifupi 375, ndipo galasi la bulauni limatsekereza mbali imeneyi ya utawaleza. Ndi chifukwa chomwecho mowa wambiri umaikidwa m'mabotolo a bulauni. Riboflavin alimonso mu mowa, ndipo galasi lobiriwira limateteza pang'ono poyerekeza. Komabe bulauni si mdima. Mu mkaka muli timbiri ta utoto wina wochokera ku msipu ndi m'thupi la ng'ombe, ta mtundu wa chlorophyll (chobiriwira cha masamba) ndi porphyrin (mbale wake wa hematoporphyrin uja), timene timamwa kuwala kofiira.

Botolo lachinayi ndi limene lingakukhumudwitseni, ndipo ndi limene ndimalikonda pophunzitsa. Mwina mupeza kuti likununkhabe, mongochepera. Zifukwa ndi ziwiri. Mu mkakamo munali kale okosijeni wosungunuka amene simungamuchotse pongodzaza botolo. Ndiponso riboflavin amadziwa njira yoyamba ija, yolanda electron yekha, osadikira okosijeni. Okosijeni amangomubwezeretsa kuti akalandenso. Fuwa limeneli kunyumba mungalifupikitse, simungalizule. Fuwa la utoto nalonso simungalichotse, ndipo simungafune kutero, pakuti ndi vitamini. Latsala ndi limodzi limene lili m'manja mwanu.

Sitepe 5: Zulani fuwa la kuwala

Yambani ndi chotengera. Usiku kapena m'chipinda chamdima, yatsani tochi ya foni, muilowetse m'chigubu kapena m'ndowa imene mumanyamulira mkaka, muyang'ane kunja kwake. Ngati chikuwala ngati nyali, dzuwa nalo limalowa chimodzimodzi. Zigubu zoyera zapulasitiki zimalephera mayeso amenewa kwambiri. Zachikasu za mafuta ophikira zimachitako bwino pang'ono pa kuwala, koma zili ndi vuto lina: pakamwa pake m'pothina, sizitsukika mkati, ndipo timafuta totsalira ndi timene timayamba kuwonongeka. Chitini cha aluminiyamu kapena cha chitsulo chosachita dzimbiri ndicho choyenera. Pewani chilichonse cha kopa kapena chadzimbiri, chifukwa kopa ndi ayironi zimathamangitsa oxidation ngakhale kuwala kulibe.

Alimi a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi madera ena amene amapalasa njinga kupita ndi mkaka kumalo osonkhanitsira, ngati chitini simunachipeze, kulungani chigubucho ndi chiguduli chonyowa. Chimagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, mthunzi ndi kuziziritsa. Mukafika n'kupeza mzere, musaimike njinga pabwalo. Mphindi za pamzere ndi zomwe zija tinayesera m'beseni.

Ogulitsa mkaka wa m'mabotolo a madzi akumwa ogwiritsidwa kale ntchito, ndikudziwa chifukwa chake mumauika poyera: katundu wobisika sagulidwa. Ikani botolo limodzi lachionetsero, ngakhale la madzi osakaniza ndi ufa woyera, enawo akhale mu kula bokosi kapena m'ndowa yovundikira. Dzazani mabotolo mpaka pakhosi, ndipo pothira musachititse thovu.

A magolosale, apa mvetserani. Firiji siteteza ku kuwala. Kuzizira kumachedwetsa tizilombo tosasitsa mkaka, koma mphamvu yoyendetsa zimene tikukambazi imachokera ku kuwala, osati ku kutentha, choncho zimachitika ndithu ngakhale pa madigiri 4. Firiji ya chitseko chagalasi yokhala ndi getsi mkati usana ndi usiku ndi dzuwa laling'ono losalowa. Ndi lofooka poyerekeza ndi dzuwa lenileni, koma maola ake ndi ochuluka, ndipo magetsi oyera a LED ali ndi buluu wambiri, pafupi pomwe riboflavin amamwera. Mkaka, yogati ndi chambiko za m'zotengera zoonekera mkati muziike m'munsi ndi kumbuyo, kutali ndi getsi. Zakumwa zoziziritsa kukhosi zikhale kutsogolo. Zimitsani getsi la mufiriji potseka shopu. Ndipo firijiyo isayang'ane pakhomo pamene dzuwa la madzulo limalowera.

Kunyumba n'kosavuta. Paketi ikatsegulidwa, musakhuthulire mkaka mujagi yagalasi yokhala patebulo la pakhonde mpaka alendo atamaliza kucheza. Thirani wokwanira, wotsalawo ubwerere mumdima.

Amene mumayeza ukhondo wa mkaka ndi methylene blue, kuona kuti buluu wake asuluka patapita nthawi yaitali bwanji, phimbani machubu anu. Methylene blue ndi mmodzi mwa mautoto amphamvu pa khalidwe limeneli, amamwa kuwala kofiira kwa pafupifupi ma nanometer 665, ndipo kuwala kumasokoneza zotsatira zanu mpaka mukhoza kukana mkaka wa mlimi wosalakwa. 

Sitepe 6: Yang'anani mafuwa omwewo kwina

Mukazolowera kufunsa kuti utoto uli kuti, kuwala kukulowera pati, muyamba kuziona paliponse.

Insulin ndi puloteni. Odwala matenda a shuga, kabotolo kanu kazikhala m'kabokosi kake ka pepala, osati pawindo kapena patsogolo pa galimoto. Ngati mumasunga mumtsuko wadothi chifukwa chosowa firiji, vundikirani mtsukowo. Katemera wa BCG (wa chifuwa chachikulu) ndi wa chikuku amaopa kuwala, n'chifukwa chake amabwera m'timabotolo ta bulauni. Azaumoyo opita kumidzi, mthunzi wa mtengo wa mango sukwana ngati kabotolo kosungunula kale kali pamwamba pa bokosi. Lamulo lachidule: mankhwala alionse amene adabwera mu galasi la bulauni kapena mu foyilo, musawasamutsire m'chotengera choonekera mkati.

Juzi ya ubweya wa nkhosa ndi nsalu ya silika ndi mapuloteni, pamene thonje si puloteni. Juzi yoyera ikayamba chikasu, ndi tryptophan ndi tyrosine aja. Sopo waufa wambiri ali ndi utoto wosaoneka umene umamwa UV n'kutulutsa buluu kuti zovala zioneke zoyera kwambiri. Pa thonje ndi wabwino. Pa ubweya wonyowa umene uli padzuwa, utoto womwewo umafulumizitsa chikasu. Zoterezi yanikani pamthunzi, mkati kunja.

Madokotala adaphunzira kuweta mdaniyu. Pa matenda a diso otchedwa keratoconus, pamene galasi lakutsogolo kwa diso limafewa n'kusongoka, amadonthezera riboflavin m'diso n'kuliwalitsa ndi UV wofooka kwa mphindi 30, kuti mapuloteni amangane mitolo ija mwadala, disolo lilimbe. Njirayi idakhazikitsidwa ku Dresden, ndipo Gregor Wollensak, Eberhard Spoerl ndi Theo Seiler adafalitsa zotsatira zake mu 2003. M'maiko ena a ku Ulaya, madzi a m'magazi operekedwa kwa odwala amathiridwa methylene blue n'kuwalitsidwa kuti ma virus afe. Mtengo wake ulipo: gawo lina la mapuloteni oumitsa magazi, monga fibrinogen, limawonongeka limodzi ndi ma viruswo.

Ndibwerere ku khola, kumene tinayambira. Wogulitsa uja amene ankaloza tchire lachilendo sanali kutali kwenikweni ndi nkhani ina yoona. Pali chitsamba chotchedwa Lantana camara, cha timinga tating'ono, masamba okhakhala onunkha, ndi timaluwa tosakaniza pinki, chikasu ndi olenji, chimene chidachokera ku America ndipo tsopano chadzaza m'mphepete mwa misewu ndi m'madambo kuno kwathu. Ng'ombe ikachidya, chiwindi chimavulala ndipo ndulu siyenda. Chobiriwira cha msipu chikagayidwa m'mimba chimatulutsa utoto wotchedwa phylloerythrin, umene chiwindi chathanzi chimautaya kudzera mu ndulu. Chikalephera, utotowo umazungulira m'magazi mpaka kukhungu. Okosijeni alimo kale m'magazi. Chatsala ndi dzuwa. Pamene pali ubweya wakuda pamatetezeka, koma mawanga oyera, mphuno, makutu ndi mawere zimatupa, zimafiira, kenako khungu limauma n'kusupuka. Ng'ombe zamkaka za mawanga akuda ndi oyera zija ndi zimene zimaoneka msanga, malire a bala akutsata malire a mtundu ngati adachita kujambula.

Mukaona zimenezi, ng'ombeyo ilowetseni m'khola la denga nthawi yomweyo, ndipo mbali imene dzuwa limalowera mutchinge ndi mphasa kapena udzu. Izituluka usiku wokha ngati n'kofunika. Ichotseni pa msipu wobiriwira kwa masiku angapo, muziipatsa udzu wouma ndi madzi ambiri, chifukwa msipu wobiriwira ndiwo gwero la utotowo. Tetezani mabala ku ntchentche. Itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, pakuti chiwindi ndicho chimapha, osati khungu. Muuzeni ngati m'maso ndi m'kamwa mwa ng'ombeyo mwachita chikasu ndiponso ngati yasiya kuchita ndowe. Kenako tengani khasu ndi chikwanje, mutsate njira imene ng'ombe zimadutsa popita kumadzi, ndipo udzu womweta muziupeta musanauthire m'chodyeramo. Chitsambacho muzule ndi mizu yomwe, chifukwa chongodulidwa pamwamba chimaphukanso mvula yoyamba ikagwa.